Ndemanga: maphunziro a laisensi ya EB ku Johannesburg, kwa ife okoka ngolo

A sukulu yoyendetsa galimoto komwe ndinaphunzira EB, laisensi yokokera ngolo yolemera, ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha ngolo yawo yophunzirira komanso momwe a mu ofesi amalankhulira nkhani ya ndalama. Aphunzitsi okha ndikanawapatsa zonse zisanu.

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yonyamula katundu wa anthu: mafiriji, mabedi, matumba a simenti, nthawi zina ulendo wautali wakumudzi kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Bakkie (pikiapu) yokha sikwana, ndiye ndinagula ngolo ya matayala anayi. Sukuluyi ndi yaing'ono, ili kummwera kwa mzinda, ndipo ndinaipeza movutikira chifukwa masukulu ambiri omwe ndinawaimbira amangodziwa Code 8 ndi Code 10, malaisensi a galimoto wamba ndi malole. Ukatchula EB amati alibe ngolo.

Tsiku loyamba aphunzitsiwo, bambo achikulire osalankhula zambiri, sanalize n'komwe galimoto. Ananditengera kutsogolo kwa ngolo, n'kundionetsa kachitsulo kokhomedwa pamenepo, amvekere werengani. Pakachitsuloko palembedwa tare, kulemera kwa ngolo ili yopanda kanthu, ndi GVM, kulemera konse komwe opanga anailola kufika itasenza. Lamulo la pamsewu la South Africa, National Road Traffic Act ya 1996, limayang'ana GVM imeneyi. Laisensi ya B, yomwe tonse timaitcha Code 8, imakulolani kuyendetsa galimoto yosapitirira 3 500 kg ndi kukoka ngolo ya GVM yosapitirira 750 kg. Ngolo yanga yalembedwa 1 500 kg, kotero ngakhale ndiikoke yopanda ngakhale thumba limodzi, pamaso pa wapolisi wapamsewu ikufunabe EB. Abale ambiri amaganiza kuti akangochepetsa katundu nkhani yatha. Wapolisi sakweza ngolo m'manja kuti amve kulemera, amangowerama n'kuwerenga.

Apa mpomwe ndinaona kuti ndalama zanga zikupita pabwino, poti anandimasulira makalasi onse mosathamanga. C1, ndiye Code 10, ndi ya galimoto yopitirira 3 500 kg mpaka 16 000 kg. C ndi yoposa pamenepo. Koma zonse ziwirizi ngolo yake ndi ija ija ya 750 kg. Kuti ukoke yolemera pamafunika chilembo E kutsogolo: EB, EC1, kapena EC yomwe madalaivala a mathiraki amaitcha Code 14. Ndikuchedwa pamfundo iyi dala, chifukwa ife Amalawi tili kuno timakonda Code 10, ati ndi yaikulu, ati imatsegula ntchito. Zoona imatsegula, koma munthu wa Code 10 akamangirira ngolo ya tani imodzi ndi theka kumbuyo kwa bakkie, alibe chilolezo chimodzimodzi ndi wa Code 8. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji azibambo ena akale amakoka makaravani popanda vuto. Anaseka, nati amene anali ndi Code 8 yakale, pamene malaisensi amasinthidwa kukhala a kadi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapatsidwa EB osayesedwanso. Amene tinabwera pambuyo tiyenera kuikhetsera thukuta.

Nkhani ya mabuleki anaifotokozanso bwino, ndipo imeneyi simuimva kwa ogulitsa ngolo. Ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire 750 kg, komanso isapitirire theka la tare ya galimoto yoikoka. Ngolo ya mabuleki aja ogwira okha ikamakankha galimoto kumbuyo, GVM yake isaposere tare ya galimotoyo. Ikaposa, pafunika mabuleki omwe dalaivala amawalamula ali pampando wake. Ndiye mukamaona otsatsa Hilux kapena Ranger akunyadira kuti imakoka 3 500 kg, dziwani kuti akunena za mphamvu ya galimoto. Galimoto zimenezi pazokha zimalemera cha m'matani awiri basi, ndipo ndi ngolo wamba malire anu athera pomwepo. Bamboyo anandiuza nditulutse pepala la galimoto yanga, tinawerengera limodzi, ndipo ngolo yanga inalowa m'malire. Akanakhala ena akanangoti kwerani tizipita.

Pabwalo ndiye panali ntchito. Mayeso ndi a K53, njira yoyesera madalaivala kuno ku South Africa, kuyang'ana magalasi mpaka khosi kuwawa, koma tsopano uli ndi chinthu kumbuyo chomwe sichimva. Kubwerera m'mbuyo molunjika kumaoneka kophweka ukamaonerera anzako. Ukagwira wekha chiwongolero, ngolo imakana ngati mbuzi yopita nayo kumsika, iwe uku iyo uko. Njira yawo inali yoti ndiike dzanja pansi pa chiwongolero, ndipo komwe ndikufuna ngolo ipite ndikankhire dzanjalo komweko, pang'onopang'ono, osadikira kuti ipindike kaye. Sankakalipa. Ndikalakwitsa amangoti imani, tsikani, kaoneni nokha momwe yakhalira. Kutsikatsika kumeneko kunkandikwiyitsa, koma n'komwe kunandiphunzitsa kulowetsa ngolo pakati pa mitengo yoimikidwa pabwalo osagunda. Kunyamuka pachitunda osabwerera m'mbuyo sikunandivute kwambiri, poti kilachi ndinaizolowera kale.

Tsopano zondidandaulitsa. Ngolo ya sukuluyi ndi yakale, magetsi ake akumanzere amayaka akafuna, ndipo tsiku lina ola lonse lomwe ndinalipira linathera pokonza mawaya. Sanandibwezere. Chachikulu n'chakuti nthawi zonse timaphunzira ndi ngolo yopanda katundu. N'zomveka pokonzekera mayeso, koma ngolo yosenza ndi ina: imatalikitsa mtunda woimira, imakankha potsetsereka, ndipo katundu akalemera kumbuyo imayamba kugwedezeka. Aphunzitsi ananena pakamwa kuti zolemera ziziikidwa pamwamba pa matayala, chakutsogolo pang'ono, ndiponso kuti ikayamba kugwedezeka uchotse phazi pamafuta mofatsa m'malo moponda mabuleki mwadzidzidzi. Malangizo abwino, koma akanaika migolo yamadzi m'ngolomo ngakhale kamodzi kuti munthu azimve m'manja mwake asanakumane nazo pa msewu wa N1 akulowera ku Musina.

A mu ofesi nawo sananene poyera kuti kubwereka galimoto ndi ngolo pa tsiku la mayeso kuli ndi mtengo wakewake. Ndinazimva tsiku litayandikira. Funsani zonse poyamba, ndipo akulembereni papepala. Komano pa zikalata anandithandiza. Ngakhale uli kale ndi B, umayenera kulembanso learner's, mayeso a chilolezo cha wophunzira, ya code 2 (ya galimoto zopepuka), ndipo ife obwera timafunika traffic register number, nambala yolembetsera ku ofesi ya zapamsewu. Anandiuza zoti nditenge, n'kundithandiza kupeza tsiku pa NaTIS, webusaiti ya boma ya za malaisensi, pamalo omwe amayesa EB, popeza si malo onse. Kudikira tsikulo kunali kwautali, koma limenelo si vuto la sukulu.

Mayeso ndinakhoza. Mtengo wonse ndi wokwererapo poyerekeza ndi maphunziro a Code 8, ndipo ndikudziwa ena anena kuti akhala akukoka zaka zambiri osagwidwa. Ine chomwe chinandikankha si chindapusa chokha. Ndi inshuwaransi. Ukachita ngozi uli ndi laisensi yosayenera ngolo yomwe ukukoka, kampani ikhoza kukana kulipira, ndipo katundu ali m'ngolomo ndi wa anthu omwe amadziwa kwanu, amadziwa mayi ako.

Amene ngolo yanu ndi kaja kakang'ono ka tayala limodzi uku ndi uku kolembedwa 750 kg, musataye ndalama, B yanu ikukwanira bola galimoto yanu ikhale yolemera mokwanira. Amene mukulinga ntchito ya mathiraki, pitani molunjika ku EC, poti imaphatikiza EB yomwe, ndipo sukulu iyi ilibe thiraki yotero. Koma ngati muli ngati ine, bakkie ndi ngolo ya matayala anayi, pitani, ndipo polembetsa muumirire kuti akupatseni bambo achikulire aja. Mubwere ndi mapepala a galimoto yanu ndi chithunzi cha kachitsulo ka pangolo, adzakufunsani tsiku loyamba lomwelo.