Colt, Smith & Wesson kapena Ruger: mfuti yachikumbutso yopangidwa bwino ndi iti?

Ndikapatsidwa mfuti yam'manja yachikumbutso, sindiyamba n'kuona zokongoletsa. Ndimayendetsa chikhadabo pamene zitsulo ziwiri zakumana. Chikakodwa, golide yense amene apakapo sandikopanso.

Tiyambe ndi Colt. Kuyambira 1967 mpaka 1969 kampaniyi inatulutsa mfuti zinayi za mtundu wotchedwa 1911 zokumbukira nkhondo izi zimene zinamenyedwa ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse: Chateau-Thierry, Belleau Wood, nkhondo yachiwiri ya ku Marne, ndi Meuse-Argonne. Kenaka kunabwera ziwiri za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya ku Ulaya ndi ya ku Pacific, zokutidwa ndi nickel. Zili m'bokosi mwake, zimakoka maso ndithu. Koma zithunzi za pa slide, chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikawomba, n'zodinda ndi makina, si zogoba ndi manja, kupatula zochepa zapamwamba zimene ankagulitsa padera. Mukayang'anitsitsa pagalasi lokuzira zinthu, mizere yake imakhala yakuya mofanana paliponse, pomwe mmisiri wogoba amazamitsa pena n'kupepuza pena. Nickel nayenso ali ndi vuto lake. Akakalamba amachita mbuu, ndipo mankhwala otsukira mfuti okhala ndi ammonia akalowa pamene pakandika amatha kumusupula.

Ine mtima wanga uli pa Smith & Wesson Model 19 ya 1973, yokumbukira zaka 150 za Texas Rangers, gulu la apolisi a ku Texas, ya zipolopolo za .357 Magnum, imene zambiri zinkabwera m'bokosi lamtengo pamodzi ndi mpeni. Zokongoletsa n'zochepa: chidindo cha chikumbutsocho m'mbali, mawu pa mpope, basi. Chomwe mukugula kwenikweni ndi ntchito ya kufakitale ya zaka zimenezo. Chitsulo chotsekera m'mbali ankachipalira pamodzi ndi thupi la mfuti, moti mzere wolumikizira umaoneka ngati tsitsi. Mpope unkakhomeredwa kamsomali, ndipo mabowo a silinda, chozungulira chija chosungamo zipolopolo, ankawakumba kuti matako a zipolopolo azibisala, zinthu zimene kampaniyo inasiya cha m'ma 1982. Mtundu wake wakuda mobiriwira umachokera pa kupala chitsulo bwino asanachidetse. Wopala akafulumira, ngodya zimabulungika ndipo zilembo zimafufutika m'mphepete. Pa zimene ndagwirapo ine, zilembo zinali zakuthwa. Muikokere kumbuyo hamala, kachitsulo komenya chipolopolo, pang'onopang'ono, ilibe zipolopolo, mumve silinda ikudzikhoma hamala isanafike kumapeto. Kamvekedwe kameneko sikanama.

Ruger anachita zosiyana. M'chaka cha 1976, dziko la America likukwanitsa zaka 200, anangodinda mzere umodzi wa mawu okumbukira ufuluwo pa mfuti zimene anapanga chaka chimenecho. Palibe bokosi lapadera, palibe kupala kowonjezera. Mfuti yawo yotchedwa Blackhawk ya chakacho ndi Blackhawk wamba, yolimba, yosalala mokwanira koma yosanyezimira ngati ya Smith & Wesson. Ndimailemekeza chifukwa siinamizira kukhala chimene siili.

Tsono dzifunseni nokha ngati mukufuna kuiwombera kapena kuisunga. Ya Colt mtengo wake wagona pa kusagwiritsidwa ntchito, ndi bokosi ndi mapepala ake onse. Mukaiwombera kamodzi kokha, osonkhanitsa mfuti saifunanso kwenikweni, pomwe owombera amaona kuti yachuluka zokongoletsa. Ya Texas Rangers imatsikanso mtengo kamzere kosonyeza kuti yagwiritsidwapo ntchito kakaoneka kuzungulira silinda, komabe imatsala Model 19 yabwino yomwe aliyense wodziwa mfuti angaifune. Ya Ruger muiwombere mmene mungafunire, palibe chimene mwataya.

Chimene chimandipweteka ndi mabokosiwo. Nsalu yofewa ya mkatimo imasunga chinyontho, ndipo ndinaonapo mfuti ya mtundu wa 1911 yosawomberedwapo chiyambire, mbali yoyang'ana kumwamba ili bwinobwino, koma titaitembenuza, mbali yogonera nsalu inali ndi timadontho ta dzimbiri kuyambira pa chigwiriro mpaka kukamwa. Musanalipire, muitulutse m'bokosi, muchotse zigwiriro zamtengo, muone pansi pake.