Fulashi ya The Simpsons ya kuseri kwa depoti ya Kasungu: anandichotsera Flanders

Ndikulemba izi mtima utatsikako, koma mkwiyo sunatheretu. Inu amene mumabenetsa mafilimu m'tizipinda tija ta kuseri kwa depoti ya Kasungu mukudziwa kale m'mene mitengo yakwerera, ndiye sindichedwapo. Fulashi ndinabwera nayo yanga ya 16GB. Mnyamata uja anatchula K6,000 kuti andiikire masizoni 10 oyambirira a The Simpsons, ndinanenerera mpaka K5,000, ndinalipira. Ndinamufunsa kawiri ngati zonse zikwanemo, iye maso ali pa kompyuta anangoti, "Musadandaule madala, zonse zilimo." Ndinakwera minibasi kubwerera kwathu mbali ya ku Mtunthama ndili wosangalala.

Zidolezi ndinazidziwira ku Johannesburg zaka zimene ndinkagwira ntchito kumeneko, ndipo ndikuzidziwa bwino moti munthu sangandinamize. Zinayamba kuonetsedwa ku America mu December 1989, ndipo masizoni 10 oyambirirawo ali ndi ndime 226. Nditaika fulashi pa TV n'kuwerenga, ndinapeza 198 zokha. Poyamba ndinaganiza kuti zangosokonezeka, popeza zinali zitasakanikirana, ya sizoni 7 kutsogolo, ya sizoni 2 kumapeto. Koma nditayamba kufufuza ndime imene ndinagulira fulashiyo, ndinapeza kuti mulibe.

Ndifotokoze chimene ndinkafuna. Mwana wanga wamkazi wotsiriza, wa Sitandade 4, ndi wamanzere. Anzake amamuseka akamalemba, ndipo agogo ake amamumenya padzanja akatema nsima ndi lamanzere, monga anachitira nane ine mpaka ndinasintha. Mu sizoni 3, ya chaka cha 1991, muli ndime yotchedwa When Flanders Failed. Ned Flanders, woyandikana nyumba ndi Homer Simpson, amasiya ntchito yake n'kutsegula sitolo yogulitsa zinthu za anthu amanzere okhaokha, Leftorium, ngakhale chotsegulira zitini chimene wamanzere sangavutike nacho. Homer chifukwa cha nsanje amalakalaka kuti bizinesiyo igwe, imagwadi, ndipo iye amapita kukagula katundu wa m'nyumba ya mnzakeyo pa mtengo wozizira. Kenako chikumbumtima chimamuluma, n'kuitana amanzere onse a m'tauni kuti akagule. Ndinkafuna mwana wanga aone sitolo itadzaza ndi anthu onga iye, mpaka Mr. Burns mwini chuma uja ali momwemo. Ndimeyo munalibe. Ndinafunanso Homer Loves Flanders ya sizoni 5, munalibenso. Apa ndinazindikira kuti sizinangosowa mwangozi.

Imodzi yokha inapulumuka, Hurricane Neddy ya sizoni 8, ndipo ndi imeneyi imene inandipsetsa mtima kwenikweni. Tinakhala pabalaza usiku wa Lachisanu, batire la sola litadzaza, ana atatu pamphasa, amayi awo akusenda mtedza, ine ndikuwamasulira pamene Chingerezi chathamanga. Namondwe amawomba tauni ya Springfield, nyumba zonse zimatsala, ya Flanders yokha ndiyo imaphwasuka. Inshuwalansi analibe chifukwa iye amaiona ngati juga. Sitolo yake ija anthu amaibera. Banja lonse, iye, mkazi wake Maude ndi anyamata awo Rod ndi Todd, limakagona m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, ndipo iye amafunsa abusa Lovejoy ngati Mulungu akumuyesa monga anayesera Yobu. Amayi a kunyumba anasiya mtedza pamenepo. Anthu a m'tauni amagwirizana kum'mangira nyumba ina, koma mmangidwe wake ndi wa manyazi: chimbudzi achiika kukhitchini, kanjira ka m'nyumba kakunka kacheperachepera mpaka munthu sangadutse. Iye atangotuluka panja, nyumba yonse imagwa. Amavula magalasi ake kuti apukute, galasi limodzi n'kusweka. Nkhope yake imayamba kusintha, akutsegula pakamwa, ndipo chithunzi chinauma pomwepo. Fulashi inadzazira pamenepo. Ana anandiyang'ana, wamng'ono uja n'kufunsa kuti, "Adadi, ndiye wanena chiyani?" Ndinawafotokozera pakamwa, koma si zofanana.

Lolemba ndinalipiranso thiransipoti kupita ku boma. Ndinamupeza mnyamatayo ali ndi anzake awiri, sipika ikulira moti timachita kukuwa. Ndinati, "Achimwene, tinagwirizana masizoni 10 athunthu. Ndime 28 zili kuti?" Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati, "Madala, fulashi yanu ndi yaing'ono, ndiye ndinachotsako zobowa. Za mkulu wa ndevu wopemphera uja. Palibe amene amamukonda ameneyo, makasitomala onse amafuna Homer ndi Bart." Anzakewo anaseka, mmodzi n'kumayerekeza mmene Flanders amaperekera moni.

Zinthu ziwiri zinandiwawa. Choyamba n'chakuti anadziwa kuti sizikwana koma analandira ndalama yanga osandiuza. Akanandiuza, ndikanagula fulashi ina pa sitolo ya pafupi pomwepo. Chachiwiri, chimene chinandiwawa koposa, n'chakuti anandisankhira yekha munthu woti ndimukonde ndi woti ndisamukonde. Ndani anamuuza kuti palibe amene amakonda Flanders? Ndinamuyankha pamaso pa anzakewo, ndipo zimene ndinanenazo ndizibwereza pano chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu mumaganiza ngati iye.

Homer timamuseka, zoona, ndipo nanenso ndimamuseka. Koma tangoganizani nyumba yanu itayandikana ndi yake. Amabwereka osabweza. Kuyambira masizoni oyambirira, katundu wambiri wa m'nyumba ya Homer ndi wa Flanders, zina zolembedwa dzina la mwini wake, koma Flanders akamuona amamupatsabe moni akumwetulira, n'kumubwereka china. Aliyense wa ife kumudzi kuno amamudziwa munthu wotero. Ndi uja amene wilibala yake imayenda mudzi wonse, pampu yake ya njinga ili kwa wachitatu, khasu lake linapita ndi maliro a chaka chatha osabwerako. Ndi uja amene timamudzutsa usiku kuti atenge wodwala pa njinga yamoto kupita kuchipatala. Ndipo ndi yemweyo amene timamunena kuseri kuti ndi wopepera, amapemphera monyanya. Olemba zidolezi anamuika Flanders pafupi ndi Homer kuti tione nsanje ya Homer, pakuti Flanders ali ndi banja lamtendere, ana omvera, pakhomo posamalika, ndipo sanalakwire munthu. Chimene Homer amadana naye n'chakuti ndi wabwino, basi. Mukachotsa Flanders, mwachotsanso theka la chimene chimapangitsa Homer kukhala munthu woti n'kumumvetsa.

Nanga chimene amanena galasi litasweka chija? Amaphulika. Zaka zonse zimene wakhala akumeza zimatuluka nthawi imodzi. Marge, mkazi wa Homer, atayesa kumuuza kuti anthu anali ndi cholinga chabwino, iye amamuyankha mokalipa kuti banja lake silingagone m'zolinga zabwino. Amadzudzula mmodzimmodzi, Bart ndi Lisa ana a Homer, mkulu wa apolisi Wiggum, Moe wa ku bala, ndipo akafika pa Homer amatsitsa mawu n'kumuuza modekha kuti sanaonepo munthu woipa ngati iye. Akatero amakwera galimoto n'kukadzipereka yekha kuchipatala cha odwala maganizo, chifukwa akuchita mantha ndi mkwiyo wakewo. Kumeneko ndiko timamva kuti ali mwana anali wovuta kwambiri, makolo ake sankamulanga konse, ndipo dokotala wina anamuthira mankhwala a kumukwapula kwa miyezi 8 mosalekeza, mpaka anasiya kuonetsa mkwiyo uliwonse. Timawu tachilendo tija amawonjezera polankhula, tomwe anyamata a pa depoti ankamuseka nato, ndi mkwiyo umene umasowa potulukira.

Ine ndimeyi imandikhudza chifukwa ndinadutsamo. Mvula ina ya mu January mphepo inagwetsa chigafa changa fodya ali mkati. Anzanga a m'mudzi anabwera m'mawa mwake kudzandithandiza kuimika china, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma ena anabweretsa mitengo yofumbwa imene iwo eni sakanamangira, ena anamanga mothamanga kuti akafike ku minda yawo, ndipo patapita sabata chigafacho chinagwanso, fodya amene ndinkayembekezera kupita naye ku Chinkhoma n'kuwonongeka ndi madzi. Ndinaima pamenepo ndikunjenjemera, koma chotuluka pakamwa panga chinali "zikomo, munayesetsa," chifukwa munthu wokuthandiza sumukalipira, ndipo mkulu wa mpingo sakwiya pagulu. Usiku umenewo sindinagone. Tsono ndikaona Flanders akuphulika, sindiona chitsiru. Ndimaona munthu amene wanyamula ulemu wa mudzi wonse pamutu kwa zaka zambiri popanda womufunsa ngati khosi likuwawa. Mwana wanga ndinkafuna aone zimenezo, kuti anthu ofatsa nawonso amamva kupweteka.

Ndinalankhula nthawi yaitali moti sipika ija anaizimitsa. Apa ndiyenera kunena chilungamo, pakuti mnyamatayo sanangokhala duu. Anati iye anayambira kuonera masizoni a m'mbuyo muno, ndipo Flanders wa kumeneko ndi woweruza anzake, woletsa chilichonse, wofuna kuti aliyense apemphere monga iye. Pamenepa sananame. Pamene zaka zinkapita, olemba anatenga mbali imodzi ya munthuyu, ya chipembedzo, n'kuikuza mpaka inaphimba zina zonse, moti anthu oonera mafilimu kunjako akafuna kunena kuti munthu wa m'sewero wasanduka chinthu chimodzi chokha amagwiritsa ntchito mawu opangidwa kuchokera ku dzina la Flanders lomwelo. Amene anakumana ndi Flanders wotereyo sindingamukakamize kumukonda. Nanenso m'mipingo mwathu ndawaona anthu amene kupemphera kwawo n'kowerengera machimo a anzawo, ndipo sindikhala nawo pafupi. Koma ine ndinagula masizoni 10 oyambirira, mmene Flanders ndi mnansi wopatsa amenenso amapita ku tchalitchi, ndipo mnyamatayo anachotsa ndime zimene iye mwini anali asanazionepo. Anavomera yekha kuti ankangoona dzina lakuti Flanders pa mutu wa ndime, kapena nkhope yake pa kachithunzi, n'kufufuta.

Ndalama sanandibwezere, anati abwana ake salola. Ndinagula fulashi ina ya 32GB ndi ndalama yanga, iye n'kundiuza kuti ndibwere Lachitatu chifukwa magetsi anali atazima. Lachitatu ndinapeza chitseko chokhoma. Ulendo wachitatu, Loweruka, ndipo ndinamupeza, ndipo thiransipoti yokha inali itapitirira mtengo wa ntchito yonseyo.

Koma tsiku limenelo anandilandira mosiyana. Anandipatsa mpando, anandiitana kuti bambo, ndipo anatsegula fulashi pamaso panga kuti tiwerengere limodzi: 226, zoikidwa bwino m'mafoda sizoni ndi sizoni. Sanandilipiritsenso. Anandiuza kuti anaonera Hurricane Neddy mpaka kumapeto pamene ankakopera, ndipo anabwereza kawiri malo a magalasi aja. Anawonjezeramo ndime imodzi ya sizoni 11, ya chaka cha 2000, imene Maude amafa atagwa kuchokera pamwamba pa mipando ya bwalo la mpikisano wa galimoto, Flanders n'kutsala ndi ana awiri. Anati, "Iyi bambo muonere nokha kaye, ana asanaone." Anachita bwino kundichenjeza. M'ndime imeneyo munthu amene sanajombepo ku tchalitchi amakwiyira Mulungu, n'kunena kuti Lamulungu limenelo sapita, koma m'mawa womwewo amathamangirabe komweko akupepesa njira yonse. Ndipo Homer yemwe uja, m'njira yake yosokonekera, ndi amene amayesetsa kumutonthoza. Amayi a kunyumba anaonera nane, ndipo atatha anangodzuka n'kupita kukhitchini osalankhula.

Zithunzi ndi zoyera, mawu akumveka bwino ngakhale pa TV yathu yaing'ono, ndipo fulashi inabwera yopanda vairasi, zimene sindinganene za malo ena a m'tauni muno. Makolo dziwani kuti si ndime zonse zoyenera ana, muli mowa wambiri ndipo Homer amakanyanga Bart pakhosi kawirikawiri, ndiye ine ndimasankha ndekha zoti aonere.

Ndikupereka nyenyezi 3 mwa 5. Ziwiri ndachotsa chifukwa cha bodza la tsiku loyamba ndi maulendo atatu aja, ndipo sindizibweza. Mukapita kumeneko musatuluke musanawerenge ndime pa kompyuta yake, ndipo mumufunse mwachindunji ngati wachotsamo kanthu. When Flanders Failed tinaonera Lamulungu madzulo. Sitolo itadzaza, mwana wanga anaimirira pamphasa n'kuyamba kuwerenga amanzerewo ndi chala, kenako anathamangira kukaitana agogo ake kuti adzaone. Agogowo anabwera, anakhala pampando, ndipo ndinaibwezera ndimeyo poyambirira.