Positi ofesi, shopu ya pakona kapena locker: kobwezera katundu wa pa intaneti kuno ku UK

Anthu atatu a kutchalitchi kwathu kuno ku Leeds andifunsa funso limodzimodzi mwezi uno: "Asisi, nsapato ndinaitanitsa zija zandithina, ndikazisiye kuti?" Amafunsa ine chifukwa onse anamva za diresi langa la £74 limene linasowa mu 2024. Ndinalilira mokweza moti ngakhale abusa anamva. Ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi ndili pa shifiti, ndilembe kamodzi basi.

Kwathu tinakula ndi chikwangwani chija cha m'masitolo a ku Limbe, chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Nsapato ikakuthina umapatsa mng'ono wako, nkhani yathera pomwepo. Kuno zinthu n'zina. Lamulo la 2013 lotchedwa Consumer Contracts Regulations limakupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene katundu wafika kuti muuze wogulitsa zoti simukumufuna, osapereka chifukwa chilichonse, kenako masiku ena 14 oti mumutumize. Izi ambiri timazidziwa. Chimene ine sindinkadziwa ndi mzere wotsatirawo: wogulitsa ayenera kubweza ndalama pasanathe masiku 14 kuchokera pamene katunduyo wamufika, kapena kuchokera pamene inu mwamuonetsa umboni woti munatumiza, kaya n'chiti chimene chayamba. Choncho ngakhale phukusi litasochera panjira, wokhala ndi umboni m'manja ali ndi poimira. Malo onse atatuwa ine ndimawayeza ndi muyezo umenewu, kuti pamene mukutembenuka kubwerera kunyumba, mwanyamula chiyani.

Dziwaninso kuti simungosankha mmene mukufunira. Wogulitsa ndiye amaika mayina a makampani amene anagwirizana nawo, inu mumasankha pa omwewo, ndipo kachidindo ka QR kamene amakutumizirani kamagwira ntchito pa kampani imodzi yokhayo. Ka kampani ya Evri simungapite nako pa locker ya kampani ya InPost.

Ndiyambe ndi mashopu a pakona, poti ndi kumene kuli bala langa. Awa ndi timagolosale ndi malo omwetsera mafuta okhala ndi chikwangwani pakhomo, ena cha Evri, imene mpaka 2022 inkatchedwa Hermes, ena cha Collect+, ena cha DPD, ndipo shopu imodzi ikhoza kukhala ndi zikwangwani ziwiri kapena zitatu. Shopu yanga sindiitchula, kampani yakenso ayi, chifukwa zimene zinandionekera zikhoza kuchitika pa kauntala iliyonse.

Mwana wa achimwene amachita chinkhoswe ku Ntcheu, ndipo achemwali anandituma diresi. Mnzanga wina amakwera ndege Loweruka, anavomera kulinyamula. Vuto linali saizi. Pa foni achemwali ankati amavala 14, koma chithunzi cha pa WhatsApp chinkanena kuti 16. Ndinaitanitsa onse awiri, ndinaika la 16 m'chikwama cha mnzanga uja, la 14 n'kulikulunga kuti libwerere.

Ndinatsika basi 8 koloko m'mawa kuchokera ku shifiti ya usiku, maso akulemera. Shopuyo ili pa siteji pomwepo. Mnyamata wa pa kauntala anayesa kamakina kake kawiri, kakukana. "Netiweki yavuta, anti. Siyani apo, ikabwera ndipanga sikani." Apo ankanenapo panali pansi, pambali pa firiji ya zakumwa, pa mulu wa maphukusi a anthu ena, pamene aliyense wolowa kudzagula mkaka atha kuwerama n'kutola. Ine ndinasiya. Mpaka lero ndikaganiza ndimadziseka ndekha. Kwathu ukapereka thumba la ufa kwa kondakitala ku Wenela umalemba nambala yake ya foni, umalemba nambala ya basi, umaimbira wolandira kuti akhale pa depoti nthawi yakuti. Munthu yemweyo, wochenjera chonchi, ndinasiya diresi pansi n'kupita kukagona, ati poti kuno ndi ku Ulaya.

Panatha masabata atatu, ndalama osaoneka. Nditayang'ana pa foni, phukusi linkaonetsa kuti silinaperekedwe n'komwe. Wogulitsa anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti ndiwatumizire chithunzi cha lisiti. Kampani yonyamula katundu inati amene analipira ulendowo ndi wogulitsa, kasitomala wawo ndi iyeyo, ine ndikalankhule naye. Zinandipsetsa mtima, koma sananame, ndi mmenedi zimakhalira wogulitsa akakupatsani kachidindo kolipiriratu. Ndinabwerera ku shopu kuja. Mwini wake anatambasula manja: mnyamata uja anasiya ntchito, maphukusi amadutsa ambirimbiri tsiku lililonse, angakumbukire bwanji limodzi? Ku banki anandifotokozera kuti chitetezo chija cha Section 75 n'cha katundu woposa £100 wogulidwa pa credit card, ndipo njira ina ija ya chargeback, yopempha banki kuti ikubwezereni ndalama zimene munalipira pa khadi, nayonso inafuna umboni womwewo woti ndinatumiza. Makomo anayi, onse akufunsa kapepala kamodzi kamene ndinalibe.

Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa anali £11.44 pa ola. Werengani nokha: maola sikisi ndi theka ndikusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni, msonkho asanadule, anathera pambali pa firiji. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mawu a mnyamata uja anali fodya wa pachala.

Ndisawanamizire mashopuwa, ali ndi ubwino wake. Ali paliponse, ambiri amatseka usiku ndipo Lamlungu amatsegula. Ngati mulibe pulinta, ambiri amakusindikizirani kapepala komata paphukusi pomwepo. Kamakina kakamagwira, mumalandira lisiti kapena imelo musanatuluke, ndipo pamenepo palibe chowadandaulira. Kungoti mwini shopu amapeza timakobidi tochepa pa phukusi lililonse, ndiye kukakhala mzere wa ogula fodya ndi mowa, inu ndi phukusi lanu mumaoneka ngati mwabwera kudzasokoneza. Wina akakuuzani kuti siyani apo, nyamulani katundu wanu muzipita.

Malocker ndi timakabati tachitsulo tija timaima panja pa masitolo akuluakulu ndi pa malo omwetsera mafuta. Odziwika kwambiri ndi a InPost, kampani ya ku Poland, ndipo ambirife tinawazolowera chifukwa cha Vinted, msika wa pa intaneti wogulitsirana kaunjika. Mumaonetsa kachidindo, kachitseko kamatseguka kokha, mumaika phukusi, mumatseka, uthenga n'kulowa pa foni. Kwa wogulitsa wambiri simufunikanso kumata kapepala kalikonse. Kwa ife a mashifiti ausiku palibe chowaposa, chifukwa ambiri mumawafikira ola lililonse, 5 koloko m'mawa kapena pakati pausiku, ndipo chitsulo sichingakuuzeni kuti siyani apo. Chikakana, chakana, mumabwerera ndi katundu wanu ali m'manja. Zimenezi ine ndimaziona ngati ulemu.

Zofooka zake ndi ziwiri zimene zimandikhudza. Timakabatiti tili ndi masaizi atatu, ndipo kakakulu kwambiri ndi ka masentimita 41 ndi 38 ndi 64, kulemera kosapitirira makilogalamu 15, ndiye bulangete lalikulu kapena chotenthetsera m'nyumba musavutike nacho. Mu December ndi January, anthu akamabweza mphatso za Khirisimasi, timadzaza, makamaka tatikuluti. Chachiwiri n'chachikulu: makina amangodziwa kuti chitseko chatsekedwa, sadziwa chimene chili m'katimo. Palibe sikelo, palibe munthu amene waona. Wogulitsa akadzati m'phukusi munali nsapato imodzi, uthenga wa pa foni uja sukuthandizani kwenikweni. Ine ndimajambula katunduyo ndisanamukulunge, n'kujambulanso phukusi lili m'kabati chitseko chisanatsekeke. Foni ikhale ndi moto wokwanira, poti ikazima pamenepo mwangoyenda ulendo wa chabe m'chisanu.

Tsopano positi ofesi. Apa ndivomere kuti ndimakondera. Dzinali ndinakula nalo, mudzi wathu wonse unkalandirira makalata pa bokosi la sukulu ya pulayimale, ahedi n'kumaitana mayina pa asembule. Koma si chikondi chokha. Nthambi zilipo pafupifupi 11,500 m'dziko lonse lino, zambiri zili m'kati mwa mashopu ena, ndipo munthu wa pa kauntalayo maphukusi ndiyo ntchito yake, sakuchita mokuthandizani chabe. Amapanga sikani inu mukuona, amakupatsani lisiti la pepala lokhala ndi nambala yolondolera phukusi, tsiku ndi nthawi, ndipo umboni umenewu salipiritsa. Pemphani aliike pa sikelo kuti kulemera kwake kuoneke pa lisitilo. Nambala imeneyo ndi imene imatseka pakamwa munthu wofuna kunena kuti munatumiza bokosi lopanda kanthu. Malo ena awiri aja sakupatsani zimenezi.

Ambiri timasokoneza Post Office ndi Royal Mail. Anasiyana mu 2012: woyambayo ndi kauntala, wachiwiriyo ndi wonyamula. N'chifukwa chake nthambi zina masiku ano zimalandiranso maphukusi a Evri ndi DPD, ndiye funsani ya kwanuko, mwina mukhoza kupezera lisiti la pa kauntala ngakhale wogulitsa sanaike Royal Mail pa mndandanda wake. Kuipa kwake aliyense akukudziwa: mzere, makamaka nthawi ya nkhomaliro, ndiponso nthambi zambiri zimatseka madzulo asanafike ndipo Lamlungu sizitsegula. Walira mvula walira matope. Royal Mail ili ndi njira inanso kuyambira 2020 yoti wa makalata adzatengere phukusi pakhomo panu, koma kwa munthu wogona masana, kugogoda kwa 11 koloko si chithandizo.

Lisiti lililonse, la kulikonse, lijambuleni musanachoke. Inki ya timapepala timeneti imafufutika, pakatha miyezi iwiri m'chikwama mumapeza kapepala koyera.

Pali ndalama ina imene simuiona ikuchoka, chifukwa pa kauntala simulipira kalikonse, amangoidula pa zimene akukubwezerani. Mu 2022 sitolo ya zovala ya Zara inayamba kudula £1.95 kwa obweza kudzera m'malo osiyirapo katunduwa, pamene wokabweza m'sitolo yawo sadulidwa. Boohoo inatsatira chaka chomwecho ndi £1.99. Mu 2024 ASOS inaika £3.95 kwa anthu obwezabweza, pokhapokha atasunga katundu wa £40 pa zimene anaitanitsazo. Mitengo imeneyi imasinthasintha, ndiye werengani musanadine. Siidalira kuti mwasankha shopu, locker kapena positi ofesi, amaikhazikitsa ndi wogulitsa. Kwa ife amene timaitanitsa masaizi awiriawiri chifukwa ovala ali kutali, timapaundi timeneti timaunjikana. Ngati wogulitsayo ali ndi sitolo m'tauni mwanu, iwalani zonse ndalembazi, kabwezeni komweko, muone ndi maso anu akudina kuti ndalama zibwerere.

Koma katundu akafika wowonongeka, kapena wosiyana ndi amene anaonetsa pa chithunzi, nkhani ndi ina. Pamenepo pamagwira lamulo la 2015, Consumer Rights Act, limene limakupatsani masiku 30 oti mumukane n'kulandira ndalama zonse, ndipo zotumizira ndi za wogulitsa. Tsono pa kafomu kofunsa chifukwa, musangodina kuti mwasintha maganizo pofuna kufulumira, mudzilipiritsa nokha. Malamulo awiriwa ndi a pogula kwa amalonda. Mukagula kwa munthu wamba pa Vinted, sakutetezani chimodzimodzi.

Ine mmene ndimachitira ndi motere. Chilichonse choposa £30, foni, jekete, nsapato zabwino, ndimaima pa mzere ku positi ofesi ngakhale tulo tikundipweteka. Timalaya ta ana ndi zina zoti zitasowa sindingalire, ndimaponya mu locker popita ku ntchito. Ku shopu ya pakona ndimapita pokhapokha wogulitsa sanandipatse njira ina, ndipo phukusi sindilichotsa m'manja kufikira kamakina katalira. Anzanga ena amagwiritsa ntchito mashopuwa sabata ndi sabata ndipo sanatayepo kanthu, amati ndikungosunga chakukhosi. N'zoona, ndikusunga. Shopu ija ndimaidutsa tsiku lililonse potsika basi, ndipo mkaka ndimakagula kutsidya la msewu.

Diresi la 16 lija linafika bwino ku Ntcheu, ndipo achemwali anavina nalo pa chinkhoswe mpaka madzulo. Atandiimbira kuthokoza anati ndi lokongola kwambiri, kungoti lawakulira pang'ono, likanakhala 14 bwenzi litawakhala bwino.