Monkey Bay kapena Chipoka ndi Senga Bay: kogona ndi galimoto yogonamo pochokera ku Dedza

Amene amachokera ku Dedza kapena ku Ntcheu ndi galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira mkati mwake, akatsetsereka msewu wa Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti, amayenera kusankha pakati pa kulowera kumpoto pa M5, kumene kuli doko la Chipoka ndi gombe la Senga Bay, ndi kutsata M10 mpaka ku Monkey Bay. Chitunda chotsetserekacho n'cha onse, ndipo galimoto yolemera ndi madzi, gasi ndi katundu imafunika kutsika pa giya yaying'ono, chifukwa woyendetsa akadalira mabuleki okha pa makona onsewo, amafika pansi akununkha kupsa.

Kwa munthu amene akufunadi kugona pafupi ndi doko, Monkey Bay ndiyo ndingasankhe. Nyanja pamenepa inalowa pakati pa mapiri, motero mphepo ya mwera, imene imavutitsa kwambiri m'miyezi ya June ndi July, siigwedeza galimoto usiku monga imachitira pa gombe lapoyera. Kumeneku ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo mwachizolowezi imanyamuka Lachisanu kulowera kumpoto. Wofika Lachinayi madzulo amadzuka n'kuona matumba a ufa, malata ndi njinga zikukwezedwa, amayi a madengu akudikirira pachipata. Komabe mkati mwa mpanda wa doko si malo oimikamo galimoto usiku. Pogona pamapezeka m'malo ogona alendo oyandikana nalo, ndipo n'chanzeru kufunsiratu ngati amalola kulumikiza magetsi ndi kutunga madzi, popeza ena amangopereka poimika pokha. Anyani a m'mapiriwo sachedwa kulowa pa zenera losiyidwa lotsekula, choncho nthochi ndi buledi zisakhale poonekera.

Chinanso chokopa n'chakuti Cape Maclear, kumene amishoni a Livingstonia anayamba kukhazikika mu 1875, ili pafupi, mkati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 1984. Msewu wopita ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, ndi wopapatiza ndi wokhotakhota, ndipo timisewu ta m'mudzimo n'tamchenga, kotero mwini galimoto yaitali angachite bwino kuisiya ku Monkey Bay n'kukayenda masana pa galimoto yaying'ono. Osambira kumeneko asaiwale za likodzo.

Chipoka ndi doko lopangidwira katundu, lolumikizana ndi njanji, ndipo mlendo sapezapo zambiri zomusunga usiku. Ambiri amangoimapo kugula nsomba n'kupitirira mpaka ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa Salima. Senga Bay si doko kwenikweni, koma pa nkhani ya galimoto imaposa Monkey Bay: kuchokera pa Golomoti njira yake ilibe zitunda, malo oimika ndi otakasuka, ndipo tauni ya Salima, yokhala ndi mabanki, chipatala cha boma ndi amakanika, ili pafupi. Banja lokhala ndi ana aang'ono kapena agogo, kapena amene galimoto yake yakalamba ndipo sakuikhulupirira, adzagona mtima uli m'malo kumeneku. Vuto lake ndi lakuti gombe ndi lapoyera, mafunde amakula mwera ukabwera, ndipo kumapeto kwa sabata anthu a ku Lilongwe amadzaza ndi nyimbo zawo mpaka usiku.

Kulikonse kumene mungapite, mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato muguliretu pa Lizulu kapena pa Dedza pomwe, chifukwa kunyanja zimakwera mtengo, ndipo mafuta muthire musanatsike. Ife a kumtunda tinazolowera kugona ndi mabulangete awiri, koma galimoto yotsekedwa kunyanja mu October imatentha moti mazenera ayenera kukhala otsekula usiku wonse, ndipo popanda neti pa mazenerawo udzudzu sukulolani kugona, kaya ndi ku Monkey Bay kapena ku Senga Bay.