Ka app kosewera nako Jeopardy! kunyumba, patapita miyezi ndili nako

Anzanga okonda Jeopardy!, mpikisano wa mafunso wa pa TV wa ku America uja, aja munkafunsa ngati ka app kolembera mapointi kaja ndikadali nako, eya kakadali mufoni ndipo gemu iliyonse ndimakatsegula. Koma zomwe ndinkakakondera poyamba si zomwe ndikukakondera pano.

Poyamba chinkandikoka ndi Coryat basi. Kwa amene simukuidziwa, ndi njira yowerengera mapointi imene inatenga dzina kwa Karl Coryat amene anapambanapo pa Jeopardy! mu 1996, ukakhoza funso umatenga ndalama yake, ukalakwa imachotsedwa, koma Daily Double (funso lobisika pabolodi limene umasankha wekha ndalama zobetcha) ukalakwa sakuchotsera kanthu ndipo Final Jeopardy (funso lomaliza limene opikisana amabetcha asanalione) siiwerengedwa n'komwe. Ukakhoza onse 60 umafika $54,000. Pamenepa ka app kamagwira bwino, ungodina batani lobiriwira kapena lofiira, ndipo patapita nthawi kamakuonetsa magulu amafunso amene amakugwetsa. Ine za opera ndi mapulezidenti akale a America zimandivutabe mpaka lero. Vuto ndi liwiro, Ken Jennings, woyendetsa pulogalamuyi, amawerenga mafunso mofulumira ndiye ukangoyang'ana pafoni kuti udine funso lina lapita kale, mabataniwo ndi aang'ono kwambiri ndipo opanga sanawakonzebe.

Chimene chandigwira mtima tsopano ndi kagawo kobetchera. Pulogalamu ikapita ku malonda asanafunse Final Jeopardy, umalowetsa ndalama za anthu atatu opikisana aja, kenako umalemba beti yako iweyo kaye, kenako kamakuuza mmene masamu akunenera. Apa ndiye pali nkhani. Ambiri timaganiza kuti ukakhala wachiwiri uponye zonse, mtima umatero ndithu, koma taonani, wotsogola ali ndi $15,000 iwe $12,000, iyeyo pafupifupi nthawi zonse abetcha $9,001 kuti ngakhale iwe uwirikize kufika $24,000 akupose ndi dola imodzi. Ndiye akakhoza wapambana basi, palibe chomwe ungachite. Mwayi wako uli poti alakwe, ndipo akalakwa atsala ndi $5,999. Iwe ukabetcha zosapitirira $6,000 upambana ngakhale nawenso utalakwa, bola wachitatu asakudumphe. Ukaponya zonse n'kulakwa watsala chimanjamanja, wampatsa gemu munthu amene nayenso walephera funso. Zimandipweteka zedi ndikaona munthu wodziwa zinthu akuluza chonchi, makamaka poti ndalama zapabolodi amapita nazo ndi wopambana yekha.

Mkangano wa gemu imene James Holzhauer, katswiri amene anapambana magemu ambiri motsatizana, anagonja mu June 2019 ndinauyesanso mu ka app. Iye anali ndi $23,400, Emma Boettcher $26,600, wachitatu $11,000. Munthu wozolowera kuponya zikuluzikulu, amene anapezapo $131,127 gemu imodzi, tsikulo anangobetcha $1,399, anthu n'kumati wagonja dala. Ayi ndithu. Akanalakwa akanatsala ndi $22,001, kuposa wachitatu ngakhale atawirikiza, ndipo Emma anabetcha $20,201 n'kukhoza, kutanthauza kuti ngakhale James akanaponya zonse akanatsalira ndi dola imodzi. Ka app kanapereka beti yomweyo.

Pomwe sindigwirizana nako ndi pa Daily Double. Kamakonda kunena kuti ponya zambiri, makamaka mu raundi yoyamba pomwe ilipo imodzi yokha ndipo ndalama zikadali zochepa, chabwino ndikumva, koma sikafunsa kuti gulu la funsolo umalidziwa bwanji, chonsecho mbiri yanga yonse kali nayo! Kakudziwa kuti opera imandigwetsa koma kangonena nambala yomweyo ngati kuti ndi za mitsinje ndi mayiko zomwe ndimazikhoza. Komanso kamaganiza kuti wotsogola aliyense abetcha mwamasamu, pomwe pa TV timaona ena akubetcha tsiku lobadwa la mwana wawo.

Ndiye amene mukufuna kukayamba, tengani kaulere kaja kaye, kolipira kamangowonjezera magrafu omwe ine ndinasiya kuwayang'ana. Ndipo lembani beti yanu musanadine kuti kakuwerengereni, mukapanda kutero masamuwo salowa m'mutu, ine pano ndimatha kupeza beti ya wachiwiri malonda asanathe ndipo ka app ndimangotsimikizira nako.