Kogona motchipa ku Swakopmund: hotela, backpackers kapena nyumba yodziphikira

Anzathu a gulu la chipereganyu ku Katoto mukusonkha ndalama zoti mukaone chipululu cha Namib ku Namibia, ndipo funso lanu lakhala limodzimodzi: tikafika ku Swakopmund tikagone pati kuti thumba lisabooke? Ena mwandifunsa pa WhatsApp, ena potuluka m'tchalitchi. Ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere. Ine ndi mayi akunyumba tinagonako mu hotela yotchipa ya pakati pa tauni, mu backpackers (malo otchipa ogona apaulendo, ogawana bafa ndi khitchini) komanso m'nyumba yodziphikira, ndipo maganizo anga ndinenetu poyamba: mtengo wa chipinda umene mumauona pa foni si umene umadya ndalama zanu. Zimadyedwa ndi chakudya ndi chikole.

Ambiri akamva kuti chipululu amaganiza za dzuwa lowotcha, n'kuyamba kufunsa ngati m'chipinda muli fani. Swakopmund ili m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, pomwe mchenga wa Namib umathera m'madzi, ndipo madziwo ndi ozizira chifukwa cha madzi oyenda m'nyanjamo otchedwa Benguela, ochokera kumwera. Mvula kumeneko siikwana ngakhale mamilimita 20 pa chaka, koma m'mawa chifunga chimakuta tauni yonse ngati kuno ku Mzuzu mu Juni, ndipo thaulo lomwe mwayanika usiku mumalipeza lili chinyontho. Choncho zofunsa ndi madzi otentha osamba ndi mabulangete. Kutentha kwenikweni kumabwera masiku ochepa m'miyezi yozizira, mphepo ya kum'mawa ikaomba kuchokera m'chipululu itasenza mchenga. Tauniyi anaiyambitsa ndi Ajeremani mu 1892, nyumba zawo zakale zikadalipo, ndipo alendo ambiri ndi ochokera ku Ulaya ndi ku South Africa. Mitengo ya m'malesitilanti a pakati pa tauni amaiika poganizira matumba a anthu amenewo. Dola ya Namibia ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo randi amailandira paliponse.

Ndiyambe ndi hotela, poti ndi imene ambiri mwa inu mwaikonda mutaona zithunzi. Ubwino wake sindiukana. Ili pakati pa zinthu: mlatho wolowa m'nyanja uja amautcha jetty, nsanja younikira sitima ndi nyumba ya Woermannhaus zonse mumafikako wapansi. Bafa ndi lanulanu. Kwa banja lofuna kutseka chitseko n'kupuma, zimenezi ndi zamtengo.

Koma tamvani zimene zinatichitikira. Tinafika usiku, miyendo itatupa ndi msewu wautali wodutsa ku Katima Mulilo, Rundu ndi Otjiwarongo. Chipinda tinali titalipira kale tisananyamuke. Mtsikana wa pa kauntala, waulemu ndithu, anatiuza kuti tisanalandire kiyi tisiye chikole chofanana ndi mtengo wa usiku wina wathunthu, choti akadulepo ngati taphwanya kanthu. Ndinatulutsa marandi. Anakana, akuti lamulo la abwana ake ndi khadi la kubanki basi. Pa uthenga wotsimikiza malo umene anatitumizira panalibe mawu amodzi onena za chikole. Usiku umenewo, m'tauni yachilendo, ndi zikwama pansi, munthu sukangana. Ndinapereka khadi.

Kwa mlendo wa ku Germany mwina iyi ndi nkhani yaing'ono. Kwa ife a kwacha si yaing'ono. Mukudziwa nonse mmene ndalama zakunja zikuvutira kubanki, mmene munthu umayendera maulendo angapo ndi pasipoti ndi tikiti kuti akupatse marandi ochepa, komanso kuti khadi lili ndi malire a ndalama zimene ungagwiritse ntchito kunja. Chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, randi iliyonse imapweteka. Chikole chija chinadya gawo la malire amenewo. M'mawa mwake titafuna kulipira ulendo wa pa boti ku Walvis Bay, tauni yoyandikana nayo, khadi linakana, ndipo tinathyola marandi omwe tinasungira ulendo wobwerera.

Pali njira ziwiri zimene mahotela amatengera chikole pa khadi. Ena amangotsekereza ndalamazo ku akaunti yako osazichotsa, ndipo ukatuluka amazimasula. Ena amazidula ngati wagula katundu, kenaka n'kudzabweza. Njira yachiwiriyi ndi imene imalumitsa, chifukwa banki imasintha kwacha kukhala dola ya Namibia pa mtengo wogulitsira, pobweza imasinthanso pa mtengo wogulira, ndipo pakatipo pali ndalama yake ya ntchito. Hotela yathuyi inadula. Zotsala zinabwera patapita milungu tili kale ku Mzuzu, zitaperewera.

Ndati zotsala chifukwa tsiku lotuluka anadulaponso. Bwana wake anabwera ndi foni n'kutionetsa chithunzi cha mchenga pansi pa shawa ndi wina pa shiti, akuti imeneyo ndi ntchito yapadera yoyeretsa ndipo ili ndi mtengo wake. Ndinawafunsa kuti, “Bambo, inu nomwe pa kauntala panu mumagulitsa maulendo okatsetsereka pa mapiri a mchenga. Munthu wochokera kumeneko abwera ndi chiyani m'nsapato?” Anandilozera kapepala komatidwa kuseri kwa chitseko cha kabati ya zovala, kolembedwa tizilembo ting'onoting'ono. Panalibe mpopi panja woti munthu atsuke mapazi, panalibe ngakhale tsache m'chipinda. Mayi akunyumba anandigwira mkono, “Abambo, zisiyeni, galimoto itisiya.” Ndinazisiya, koma mpaka lero zimandiwawa. Kulipiritsa mlendo mchenga m'tauni yomangidwa pa mchenga ndi kuba kovala tayi, ndipo amatero podziwa kuti munthu wonyamula chikwama alibe nthawi yokadandaula.

Musasokoneze izi ndi misonkho yovomerezeka. Pa lisiti mudzaona VAT ya 15 peresenti ndi msonkho wa alendo wa 2 peresenti umene umapita ku Namibia Tourism Board. Imeneyo ndi ya boma, malo onse olembetsedwa amatolera, ndipo ine ndilibe nayo mlandu. Ingofunsani ngati ili kale m'kati mwa mtengo umene akuuzani.

Chinanso pa hotela ndi choti simuphika. Chakudya cham'mawa chinali buledi, dzira ndi khofi, pofika 11 koloko njala yayamba kale. Nkhomaliro ndi mgonero ndi ku lesitilanti, ndipo anthu awiri kudya kawiri pa tsiku m'malo amenewo kunkaposa mtengo wa chipinda chenichenicho. Madzi otentha analipo m'mawa, madzulo ankabwera ofunda chabe.

Backpackers ndinapitako ndi mtima wokayika, poganiza kuti ndi malo a achinyamata achizungu okhaokha. Ndinapeza anthu amitundumitundu, ena achikulire kuposa ine. Mtengo wotsikitsitsa ndi wa bedi limodzi m'chipinda chogona anthu ambiri pa mabedi osanjikiza, koma ambiri mwa malo amenewa ali ndi tizipinda ta anthu awiri, bafa ndi chimbudzi n'zogawana. Ife tinatenga kotere. Chikole chake chinali kandalama kochepa ka kiyi, kopereka pamanja, ndipo anatibwezera pamanja pomwepo potuluka. Panja panali mpopi ndi burashi yokutumulira nsapato.

Chimene chinandigwira mtima ndi khitchini. Sitovu, mapoto, firiji yomwe aliyense amalemba dzina pa jumbo lake. Ufa woyera wa Top Score uli m'masitolo onse, monga ku Woermann Brock, ndipo nsima yake imagwira bwino. Nsomba ya horse mackerel yomwe amagwira m'nyanja yomweyo ndi yotchipa, kabichi ndi tomato zilipo ngakhale ndi zokwererapo poti zimachokera kutali. Tsiku lomwe mayi anavundula nsima yoyamba, mnyamata wina wa ku Namibia konko wogwira ntchito pamalopo anabwera kudzaima pafupi ndi poto, nati kwawo kumpoto amaphika chimodzimodzi ndi ufa wa mchewere, womwe iwo amati mahangu. Tinadya naye. Mthiko ndi chipande nyamulani kuchokera kuno, chifukwa timasipuni tamatabwa ta m'makhitchini amenewo timathyoka mu nsima.

Zovuta zake ndi zodziwika. Phokoso limafika pakati pa usiku, makamaka Lachisanu ndi Loweruka. Shawa ya m'mawa ndi ya pamzere. Amayi a mvano amene ali m'gulu lanu sindikuona akumasuka kudutsana pa khonde ndi anyamata ovala thaulo lokha, ndipo sindingawakakamize. Kwa wophunzira wa ku Mzuni woyenda yekha, kapena anyamata awiri atatu, palibe malo oposa amenewa.

Kwa gulu ngati lanu, mtima wanga uli pa nyumba zodziphikira. Zilipo za anthu wamba zambiri, koma zodziwika kwambiri kwa osafuna kuwononga ndi za khonsolo ya tauniyi, chakumwera pafupi ndi pomwe mtsinje wa Swakop umathira m'nyanja. Zina ndi zija za denga lotsika mpaka pansi ngati chilembo cha A, zina ndi tinyumba ting'onoting'ono ta asodzi. Si zonyezimira ayi, ndi nyumba wamba zokhala ndi mabedi, bafa, khitchini ndi malo owotchera nyama panja. Mumalipira nyumba yonse, ndiye mukakhala anayi kapena asanu ndi mmodzi n'kugawana, aliyense amatulutsa ndalama yochepa kuposa ya chipinda cha hotela. Mumaphika nthawi imene mwafuna, mumapemphera ndi kuimba m'mawa popanda wogogoda khoma, zovala mumayanika pa chingwe panja dzuwa likang'amba chifunga masana.

Malo ake ndi abwinonso pa chimene mwapitira. Mukangowoloka mlatho wa pa Swakop, msewu wa ku Walvis Bay, mapiri a mchenga ayamba pomwepo, ndipo okweza anthu ngamira ndi njinga zamoto zamiyendo inayi ali chapafupi. Kupita pakati pa tauni ndi ulendo wapansi ndithu, koma ife a ku Mzuzu amene timatsika ku Masasa kupita kumsika sitingauwerengere. Muzisamala chabe m'mawa: misewu ina ya kumeneko ndi yopangidwa ndi mchere wosakaniza ndi dothi, imaoneka ngati tala, koma ikanyowa ndi chifunga imaterera.

Nyumba zodziphikira nazonso kawirikawiri zimafuna chikole cha kiyi ndi ziwiya. Kumene tinagona ife anatiuza tisanalipire, anatipatsa pepala la mbale, makapu ndi mapoto kuti tiwerenge limodzi polowa, ndipo potuluka tinawerenganso n'kulandira ndalama yathu yonse. Chikole chotere ndilibe nacho vuto. Funsaninso ngati mathaulo ndi zofunda zilipo kapena mubwere nazo.

Intaneti ya ulere inali bwino ku backpackers, ku hotela inkafika pa kauntala pokha, ku nyumba tinadalira khadi la foni la MTC lomwe tinagula pofika. Masoketi a ku Namibia ndi a mano atatu obulungira aakulu ngati a ku South Africa, pulagi yathu ya mano amakona silowa, ndiye gulani adaputa musanakwere basi. Madzi a pampopi amamveka kamchere pang'ono kulikonse, ife tinkagula a m'zigubu zikuluzikulu akumwa.

Mwandifunsanso za Mondesa, dera la anthu wamba kum'mawa kwa tauni, ndi za Walvis Bay. Ku Mondesa pitani mukadye kapana, nyama ya ng'ombe yowotcha yodulidula yomwe amadyera ndi tsabola ndi mchere pomwepo pa chiwaya, koma kugona kumeneko kumatanthauza takisi tsiku lililonse popita ndi pobwera, ndipo amalipiritsa pa mutu. Walvis Bay ili pa mtunda wa makilomita oposa 30, ndi tauni ya doko ndi mafakitale a nsomba. Phiri la mchenga lotchedwa Dune 7 ndi mbalame za flamingo zili kumeneko, koma zimenezo mukhoza kuziona tsiku limodzi n'kubwerera.

Banja la awiri lomwe likufunabe hotela sindililetsa, mahotela achilungamo alipo. Koma musatumize ndalama musanalandire yankho lolembedwa la mafunso awa: chikole ndi chingati, amalandira pamanja kapena pa khadi pokha, ngati ndi pa khadi amatsekereza kapena amadula, ndipo pali ndalama ina iliyonse yoyeretsera chipinda. Akayankha mozungulira, fufuzani kwina. Ine hotela ija sindidzapondakonso, ndipo aliyense wa m'gulu wofuna kudziwa kuti ndi iti andifunse pamaso.

Inu a Disembala fulumirani. Mwezi umenewo sukulu zikatsekera anthu a ku Windhoek, makilomita pafupifupi 360 kuchokera kunyanjako, amathawa kutentha n'kudzaza Swakopmund yense, mitengo imakwera, ndipo nyumba zodziphikira ndi zimene zimayamba kutha. Msungichuma wa gulu alembere eni nyumba mwezi uno, atchule chiwerengero cha anthu ndi masiku, ndipo apemphe kuti mtengo wonse pamodzi ndi chikole aulembe pa pepala limodzi loti mudzanyamule.