Mbande za mvunguti zomwe ndinagula ku nazale ina ku Zomba

Anthu ambiri ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu amadzaza machubu awo ndi bulugamu, paini ndi jakaranda, choncho ndinakondwa kwambiri nditapeza nazale ina ku Zomba yomwe imafesa mitengo yachilengedwe, kuphatikizapo mvunguti umene ndinkaufunafuna kwa nthawi yaitali. Ndinagula mbande zitatu mu Januwale, mkati mwa nyengo yodzala mitengo yomwe kuno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo mtengo wake sunali woboola m'thumba.

Chimene chinandikopa ndi mvunguti waukulu womwe uli kuseri kwa nazaleyo, pomwe amatolapo mbewu. Ndinabwererako mu Seputembala madzulo, ndipo ndinaona maluwa ofiira moderako akulendewera pa timinyolo tatitali ngati zingwe. Amatseguka kukada, ali ndi fungo losakoma kwenikweni kwa munthu, koma mileme imabwera kudzamwa timadzi take n'kumanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. M'mawa njuchi ndi mbalame zimatsirizitsa zotsala, ndipo maluwa ogwa pansi amadyedwa ndi mbuzi, monga momwe agwape amachitira m'mbali mwa Shire ku Liwonde.

Bambo amene amasamalira nazaleyo amaidziwa ntchito yawo. Asanalandire ndalama anandifunsa kukula kwa malo anga, n'kundichenjeza kuti ndisadzale pafupi ndi nyumba, poimika galimoto kapena posewerera ana, chifukwa zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo ndipo zikhoza kuvulaza munthu zikagwa, komanso zaziwisi sizidyedwa popeza zili ndi poizoni. Anandiuzanso poyera kuti maluwa ndidzawadikira kwa zaka zingapo, zomwe wamalonda wongofuna ndalama sakananena.

Chondidandaulitsa n'chakuti mbande imodzi inakhalitsa m'chubu, moti nditang'amba pulasitiki ndinapeza muzu waukulu utapindika pansi ngati mbedza. Mbande imeneyo inafota mvula itangosiya, pomwe ziwiri zinazo, zomwe ndinaziika m'maenje othira manyowa ndi kuzitchingira ndi minga kuopa ziweto, zikukula bwino ndipo ndimazithirira kawiri pa sabata m'chilimwe.

Amene ali ndi bwalo lalikulu kapena munda wa kudimba apiteko ndithu, koma asankhe mbande zazing'ono ndipo ayambe ayang'ana kunsi kwa chubu asanalipire.